Mixxx: pulogalamu ya ma DJ imene kuikopa si mlandu

Iyi ndi nkhani imene tekiniko wa pa wailesi anakamba pa msonkhano wa kalabu ya omvera. Taisindikiza monga momwe inalankhulidwira, kuti amene sanabwere nawonso amve.

 Pempho linachokera kwa inu omwe, loti tikambirane za mapulogalamu oimbira nyimbo pa kompyuta, aja amagwiritsa ntchito ma DJ pa ukwati, pa festa ndi mu situdiyo. Akuluakulu ena mwina mukuti, kodi zimenezi zikutikhudza pati ife? Zikukukhudzani ndithu. Ndinu amene mumalipira DJ mwana wanu akamakwatiwa. Ndinu amene mumadandaula wailesi ikangoti zii pakati pa pulogalamu ya moni. Ndipo laputopu imene mnyamatayo akuthiramo zinthu zosadziwika kochokera, nthawi zambiri ndi ija munamugulira kuti achitire sukulu mutagulitsa mbatata.

Tinene zoona. Mapulogalamu otchuka a ntchito imeneyi ndi amalonda. Serato ndi ya kampani ya ku New Zealand, Traktor ndi ya Native Instruments ya ku Berlin, rekordbox ndi ya amene amapanga zida za Pioneer DJ ku Japan, ndipo VirtualDJ, imene ambiri kuno timaidziwa, ndi ya Atomix Productions. Alipo ena amene ali ndi mtundu waulere, koma umakhala wodulidwa mapiko, kapena wololedwa kuimbira kunyumba kokha. Ukafuna wathunthu, woti upangire ndalama, uyenera kulipira laisensi, ndipo amafuna madola kudzera pa khadi la ku banki. Mnyamata wa kuno khadi aliona kuti? Ndiye amatenga fulashi, kupita kwa mnzake, n'kukopa ija yothyoledwa loko. Poilowetsa imamuuza kuti ayambe wazimitsa antivirus, iye n'kuzimitsadi. Taganizani: munthu wosamudziwa wafika usiku, akuti mangani galu kaye ndisanalowe, inu n'kumanga. Amene anathyola lokoyo simukumudziwa, ndipo zimene anabisamo simukuziona. Kenaka timamva kuti kompyuta yayamba kulemera, mafoda a pa fulashi asanduka ma shortcut, nyimbo za zaka zitatu sizikuoneka.

Pulogalamu imene ndabwera nayo lero dzina lake ndi Mixxx, ma x atatu kumapeto. Si yatsopano ayi. Amene anaiyamba mu 2001 ndi Tue Haste Andersen wa ku Denmark, pa nthawi imene ankachita maphunziro ake apamwamba a za kompyuta ku Copenhagen, akufufuza njira zatsopano zoti munthu azigwirira nyimbo za mu kompyuta. Sanaitsekere m'kabati. Anaiika poyera, anthu ena n'kuitola, ndipo mpaka lero imakonzedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri a iwo ma DJ odziwanso kulemba mapulogalamu. Mtundu wa 2.0 unatuluka kumapeto kwa 2015, wa 2.3 mu 2021, wa 2.4 mu Febuluwale 2024, wa 2.5 mu Disembala chaka chomwecho. Ndikutchula zakazi kuti muone kuti si chinthu chongoyamba n'kusiya. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili lasenzedwa ndi mitu yambiri kwa zaka zoposa 20.

Tsono ndikati ndi yaulere, mundimvetse. Apa Chipwitikizi chitithandiza, chifukwa chili ndi mawu awiri, grátis ndi livre. Grátis ndiye kuti sulipira. Livre ndiye kuti uli ndi ufulu. Nyongolotsi ya pa mbedza nayo ndi grátis kwa nsomba, si choncho? Mixxx ndi zonse ziwiri. Chilolezo chake chimatchedwa GPL, chimene chinachokera kwa Richard Stallman wa ku America ndi bungwe la Free Software Foundation. Mtundu wachiwiri wa chilolezochi, umene Mixxx imayendera, ndi wa 1991. Chimakulolani kugwiritsa ntchito pulogalamuyo pa chilichonse, ngakhale pa geni. Chimakulolani kuikopera mnzanu, kapena mudzi wonse. Chimakulolani kuona m'kati momwe inalembedwera, ndi kusintha ngati mukudziwa. Lamulo ndi limodzi: mukasintha n'kugawira ena, muwapatsenso ufulu womwewo. Zili ngati injini ya chigayo imene wogulitsa wakupatsani pamodzi ndi buku lake ndi masipanala, kusiyana ndi ina yowotcherera paliponse kuti ikavuta muzibwerera kwa iye yekha. Ife kuno mwina palibe amene adzatsegule injiniyo. Koma poti ili poyera, maso ambiri amaiona, ndipo kubisamo chinthu choipa n'kovuta.

Kwa inu amene mumathira nyimbo m'mafulashi pa msika: ngakhale kulipiritsa munthu chifukwa mwamuikira Mixxx mu kompyuta yake, chilolezo sichikuletsa. Chachikulu muitenge pa malo ake enieni, mixxx.org. Imayenda pa Windows, pa macOS ndi pa Linux. Ndi ya pa kompyuta, choncho musanamizidwe ndi zina za maina ofanana zopezeka m'mafoni. Mukhoza kuisintha kuti izilemba m'Chipwitikizi.

Zimene muone mukaitsegula

Muona mbale ziwiri, ina kumanzere ina kumanja. Ma DJ amati ma deck. Iliyonse imanyamula nyimbo imodzi. Pamwamba pamayenda chithunzi cha mawu a nyimboyo, chonga mapiri ndi zigwa. Pamene pali phiri ndi pamene ng'oma yagunda. Pansi pali mndandanda wa nyimbo zanu. Pakati pa mbale ziwirizo pali mikisa. Mbale iliyonse ili ndi voliyumu yake ndi timabatani titatu tozungulira: ka besi, ka mawu apakati momwe mumakhala liwu la woimba, ndi ka mawu opyapyala. Pansi pake pali kabatani kotsetsereka cham'mbali kotchedwa crossfader. Kakakhala kumanzere anthu akumva mbale ya kumanzere, mukakakankhira kumanja akumva ya kumanja, pakati akumva zonse ziwiri.

Woyamba kumene asagule kanthu. Kiyibodi ya laputopu ndi yokwanira. Chilembo D chimayambitsa ndi kuimitsa mbale ya kumanzere, L ya kumanja, ndipo G ndi H zimayendetsa crossfader. Ndi zilembo zinayi zimenezi mukhoza kuphunzira chinthu choyamba chimene DJ amalipidwira, chomwe ndi chakuti nyimbo ina ikamatha ina ikhale italowa kale, anthu asakhale pansi. Mukazolowera, phunzirani kutsitsa besi ya nyimbo yolowayo, n'kuikweza pamene mukutsitsa ya yotulukayo. Mabesi awiri akalira pamodzi amamenyana ngati atambala awiri m'khola limodzi.

Mahedifoni aja DJ amavala khutu limodzi si odzionetsera. Pamene inu mukuvina nyimbo imene ikulira, iye akumvera yotsatira payekha, akuikonza kuti ilowe pabwino. Vuto n'lakuti laputopu ili ndi bowo limodzi lotulutsira mawu, pamene apa pakufunika njira ziwiri, ya ku masipika, makoluna aja, ndi ya ku makutu a DJ. Njira yotsika mtengo ndi chingwe chogawa mawu chopangidwira ma DJ. Chimatenga mbali imodzi ya bowolo kupita ku masipika, mbali inayo ku mahedifoni, ndipo mu Mixxx mumauza kuti njira 1 ndi ya anthu, njira 2 ndi yanu. Mawu amatuluka a mono, koma pa bwalo la ukwati palibe adzazindikire. Chenjerani pogula. Kaja kogawira anthu awiri kuti amvere nyimbo imodzi pa foni sikagwira ntchito imeneyi, chifukwa kamatumiza zofanana mbali zonse. Njira ina ndi kakhadi ka mawu kolowetsa pa USB, kuti masipika atengere pamenepo, mahedifoni atengere pa bowo la laputopu. Apa ndiye pokhapo ndingakulangizeni kutulutsa metikali.

Pamene makina amasochera

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene achinyamata ambiri amagwa. Mukaika nyimbo koyamba, Mixxx imaimvera yokha n'kuwerenga kuti ng'oma ikugunda kangati pa mphindi. Nambala imeneyo ndi BPM. Imaikanso timizere pa chithunzi chija, kamzere kamodzi pa kugunda kulikonse. Mukadina batani la SYNC, imafulumizitsa kapena kuchedwetsa nyimbo yolowayo kuti timizere take tigwere pa timizere ta inzake. Kale ma DJ ankachita zimenezi ndi khutu ndi chala pa mbale ya galamafoni, ndipo zinkatenga miyezi kuti munthu adziwe. Lero ndi batani limodzi.

Pa nyimbo zopangidwa pa kompyuta, batanilo silinama kawirikawiri. Amapiano imayenda pakati pa 110 ndi 115, house cha m'ma 120 ndi kupitirira pang'ono, ndipo ng'oma yake ndi ya makina, siichedwa siifulumira. Nyimbo ya 120 kuilumikiza ndi ya 124, kusiyana kwake ndi pafupifupi 3 pa 100, khutu silimva n'komwe. Koma tengani kizomba ya 90 muikokere ku 112. Mwaithamangitsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Woimba uja amalira ngati mwana wa mbuzi. Lilipo batani la keylock limene limagwira liwu kuti lisakwere, koma mukakoka kwambiri mawu amayamba kunjenjemera ngati akuimbira m'madzi. N'chifukwa chake kabatani ka liwiro kamabwera katatchedwa kuti kasapitirire 8 pa 100 mbali iliyonse. Nyimbo zikatalikirana chotere, musazikakamize ukwati. Lolani ina ithe, lankhulani mawu awiri pa maikolofoni, muyambe inayo poyambira pake.

Tsono tibwere ku nyimbo zimene akuluakulu ali muno amapempha. Marrabenta ya Fany Mpfumo, nyimbo za Allan Namoko, za a Kachamba, makwaya athu, ngakhale sungura yoimbidwa ndi bandi monga ya Alick Macheso akakhala pa siteji. Zimenezi anaimba ndi anthu, ndipo munthu akatenthedwa amafulumira, akafika pa mawu achisoni amadekha. Nyimbo ikhoza kuyamba pa liwiro lina n'kuthera pa lina. Mixxx ikangobwera imaganiza kuti nyimbo iliyonse ili ndi liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiye timizere tija poyamba timagwera pa ng'oma, pakati tayamba kuphonya, kumapeto tili kwina. Mukadina SYNC pamenepo mumva ng'oma ziwiri zikupunthwitsana ngati ngolo yothyoka gudumu. Mankhwala ake alipo. Mu Preferences, pa Beat Detection, pali kabokosi kolembedwa kuti Assume constant tempo. Chotsani chizindikiro chake, muiuze imverenso nyimbo zoterezi, ndipo timizere titsatira woimba ng'omayo momwe ankayendera. Zimathandiza, koma ine pa nyimbo zotere ndimakhulupirira khutu kuposa batani, ndipo kusintha kwanga kumakhala kwachidule.

Chachiwiri n'chozama pang'ono. Magule athu ambiri ng'oma zake zimayenda patatupatatu, kwinaku kuwomba m'manja kapena ng'oma ina ikuyenda pawiripawiri pamwamba pake. Wovina amadziwa yekha kuti phazi lake likutsata iti. Makina sadziwa. Akhoza kulemba 90 pamene phazi likuponda 120 kapena 135, kapena kulemba 70 pa nyimbo ya 140. Amene amakonza Mixxx vutoli akulidziwa. Mukadina nyimboyo ndi batani la kumanja la mbewa, pa BPM mupeza pochulukitsa kawiri, pogawa pakati, ndi ziwerengero monga 2/3, 3/4, 4/3 ndi 3/2. Mukhozanso kugogoda nokha motsatira nyimboyo, pulogalamuyo n'kuwerenga kugogoda kwanuko. Kuti mudziwe kuti nambala yoona ndi iti, imirirani muvine, kapena itanani amayi anu avine, muwerenge mapazi awo. Ntchito imeneyi ndi yochitira kunyumba masana, nyimbo imodziimodzi. Pa ukwati nthawi yake palibe.

Pamene mukukonza nyimbozo, ikaninso zizindikiro zotchedwa hotcue: apa ndi pamene ng'oma ikuyambira, apa ndi pamene woimba akulowa, apa ndi pamene anthu amakuwa. Mixxx imazisunga, ndipo tsiku la ntchito mumangodumphira pomwepo. Palinso loop, yobwereza kachigawo kamodzi kosalekeza. Zimene Kool Herc ankachita ku Bronx mu 1973 ndi mbale ziwiri za nyimbo imodzi, kubwereza pamene ng'oma zatsala zokha, lero ndi batani. Pa perekaniperekani, mzere wa oponya ndalama ukatalika kuposa nyimbo, loop ndi imene ingakupulumutseni.

Nyali zofiira

Pambali pa voliyumu pali timagetsi tokwera ndi kutsika. Tobiriwira ndi tabwino, tachikasu ndi malire, tofiira ndi ngozi. Achinyamata ambiri amaganiza kuti kufiira ndiye mphamvu. Ayi. Pakafiira ndiye kuti mawu adutsa muyeso umene kompyuta ingathe kunyamula, ndipo nsonga zake zikudulidwa. Mawu odulidwa chotero amakanda m'makutu ndipo amatenthetsa timasipika tating'ono ta mawu opyapyala mpaka kupsa. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo masipika ambiri amene timaimbira ndi obwereka. Ngati mukufuna phokoso, kwezani pa ampulifaya, mu kompyuta musiye pobiriwira. Mixxx ili ndi ReplayGain, imene imayeza nyimbo iliyonse n'kuzilinganiza kuti ina isabwere monong'ona ina mokuwa. Isiyeni yoyatsa. Koma singakonze nyimbo yoonongeka kale. Nyimbo yodutsa m'mafoni asanu, yojambulidwa kuchokera pa vidiyo, pa foni imamveka bwino, koma pa masipika aakulu imaulula zonse. Mixxx imawerenga MP3, WAV, FLAC, Ogg ndi AAC; mukapeza MP3 ya 320 kapena 192, tengani imeneyo musiye ya 64.

Kunena za mafoni, tonse tili ndi nyimbo za maina onga AUD-20230514-WA0007. Mkwatibwi akapempha nyimbo yake, muipeza bwanji pakati pa zoterezi 400? Khalani pansi mulembe dzina la nyimbo ndi la woimba. Mukatero, mukangolemba zilembo zitatu pofufuzira, yatulukira. Kenaka zigaweni m'makireti, chifukwa Mixxx ili ndi zimene imazitchadi makireti, ngati a zakumwa: ya polowa akwati, ya akuluakulu, ya makwaya, ya usiku ana atagona. Nyimbo imodzi ikhoza kukhala m'makireti angapo popanda kudya malo kawiri. Dziwaninso kuti Mixxx sikopa nyimbo zanu, imangokumbukira pamene zili. Mukaimbira pa fulashi, lero Windows yaitcha E, mawa yaitcha F, nyimbo zonse zioneka ngati zasowa. Ikani nyimbo mu foda imodzi mu kompyuta momwemo, fulashi ikhale nkhokwe yosungira kopi yachiwiri.

Za ku situdiyo

Zinthu zingapo mu pulogalamuyi zinapangidwira wailesi. Ili ndi polowetsa maikolofoni, ndipo mukhoza kuitchera kuti woulutsa akayamba kulankhula nyimbo izidzitsitsa yokha, akasiya izikweranso. Ili ndi ma sampler, timabatani tosungira mawu afupiafupi monga kanyimbo kodziwitsa dzina la wailesi. Imajambula zonse zimene zikutuluka. Pa MP3 ya 128, mphindi imodzi imadya pafupifupi mega imodzi, choncho pulogalamu ya ola lathunthu imakwana bwinobwino pa fulashi. Kalabu ngati yathu ikhoza kujambulira pulogalamu yake kumudzi, n'kutumiza pa chapa.

Palinso Auto DJ. Mumaika nyimbo pa mzere, kuiuza masekondi osinthira, yokha n'kumaimba. Woulutsa akakhala yekha usiku n'kufuna kutuluka panja pang'ono, zii uja sachitika. Koma ndikupempheni, a mu situdiyo: mzerewo muziukonza ndi manja. Auto DJ ikhoza kutola nyimbo mwachisawawa mukailola, ndipo siidziwa kuti mwangomaliza kuwerenga uthenga wa maliro. Banja limene lalipira uthengawo likumvera.

Chimene ndikuona kuti chikukhudza kalabu yathu mwachindunji ndi History. Mixxx imalemba nyimbo iliyonse imene yaimbidwa pa nthawi imene inatsegulidwa, ndipo mndandandawo ukhoza kutulutsidwa n'kusindikizidwa. Timakangana kawirikawiri muno, ena akuti wailesi ikuimba zakunja zokhazokha, oulutsa akuti ayi. Ndi mndandanda wa mwezi umodzi tikhoza kuwerenga kuti za oimba a m'boma lino zinali zingati, tikambirane pa nambala.

Ikhozanso kuulutsa pa intaneti kudzera pa Icecast kapena Shoutcast, kuti abale athu ali ku Tete, ku Beira kapena ku Johannesburg amve. Pamafunika seva yolandira mawuwo, ndi mamega: pa 64 kbps ola limodzi limadya pafupifupi mamega 29, pa 128 pafupifupi 58, ndipo womverayo naye amadya ake ofanana. Chimene siichita ndi kuyendetsa wailesi motsata wotchi, kuti 7 koloko ilowe nkhani, 7:15 malonda. Za ntchito imeneyo alipo mapulogalamu ena aufulu monga Rivendell ndi LibreTime. Kudula ndi kusoka mawu ojambulidwa ndi ntchito ya Audacity, imene nayo ndi yaufulu ndipo ena mumaidziwa kale.

Inu odziwa kale, amene mwaimba maukwati ambiri, mwina mukuti ichi n'choseweretsa ana. Tsegulani muone. Mbale zikhoza kukhala zinayi. Imazindikira kiyi ya nyimbo, kuti muzilumikiza zogwirizana mawu. Ili ndi echo, reverb, filter ndi zina zimene mungazilumikize motsatizana. Imagwira ndi makontirola ambiri a MIDI ndi HID, monga Pioneer DDJ-400, a Numark Mixtrack ndi a Hercules, popanda kulipira laisensi ina. Ngati kontirola yanu ya MIDI mulibe m'ndandanda, mukhoza kuiphunzitsa batani limodzilimodzi, ndipo odziwa JavaScript amalemba zawozawo n'kugawira ena. Musanagule kontirola ya kaunjika, yambani mwaona m'buku la Mixxx ngati ilimo. Kuyambira pa 2.3 imawerenganso zimene munakonza kale mu rekordbox ndi mu Serato, ndiye ntchito yanu yakale siitayika yonse. Amene ali ndi magalamafoni akhoza kuyendetsa nyimbo za mu kompyuta ndi mbale za timecode, koma kuno oterowo ndi owerengeka, ndidutsepo.

Zimene ilibe ndinenenso. Siisakaniza mavidiyo, choncho amene mumaonetsa zithunzi m'mabaraka siikuthandizani pamenepo. Siikoka nyimbo ku Spotify kapena ku malo ena otero. Kwa anzathu a ku Ulaya chimenecho ndi chilema, koma kwa ife amene netiweki imabwera ndi mphepo, pulogalamu yosafunsa intaneti, yosafunsa akaunti, yosafunsa ngati mwalipira mwezi uno, ndi imene tikufuna. Ndiponso kontirola yongotuluka kumene ikhoza kudikira mpaka wina wodzipereka ailembere.

Za magetsi, mwachidule. Laputopu ya batire lamoyo ndi yabwino kuposa kompyuta ya pa tebulo, chifukwa magetsi akaphethira nyimbo siima. Mukamva kulira kwa mmm m'masipika mukalumikiza chaja, makamaka pa jenereta, jeradori uja, kapena pa inveta ya sola, chotsani chaja muone ngati kwasiya. Kukasiya, funani kachipangizo kotchedwa ground loop isolator. Musadule waya wa nthaka pa pulagi, moyo wanu ndi wa wogwira maikolofoni uli pamenepo. Nyimbo ikamadukaduka pa kompyuta yofooka, kwezani nambala ya audio buffer. Buku la Mixxx limati pakati pa 23 ndi 64 ms ndi pabwino kwa woimbira pa kiyibodi kapena pa kontirola. Tsekani mapulogalamu ena onse, ndipo nyimbo zatsopano muzilole ziwerengedwe dzulo lake.

Chatsala chimodzi, chimene ena sachikonda. Ufulu umene ndanena uja ndi wa pulogalamu. Nyimbo zimene mukuimbamo zili ndi eni ake. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza olemba ndi oimba, Lei 9/2022, limene linalowa m'malo mwa lija la 2001, ndipo bungwe loimira eni nyimbo kuno ndi SOMAS, monga ilili COSOMA kwa anansi athu a ku Malawi. Mnyamata wa m'mudzi mwanu amene wagulitsa mbuzi kuti akajambule nyimbo imodzi, mukaimba nyimbo yakeyo pa maukwati khumi inu n'kulandira ndalama, iye osatchulidwa ngakhale dzina, mwamudyera. Pitani kwa iye, mupempheni fayilo yabwino yochokera ku situdiyo, mugwirizane, ndipo mukaimba mumutchule. Inunso mupindula, chifukwa fayiloyo imveka bwino kuposa ya pa WhatsApp. Za nyimbo za ku dambwe ndi za ku chinamwali sindikamba zambiri pano: musanajambule kapena kuika pa loop, funsani eni ake.

Loweruka likudzali, ikatha pulogalamu ya m'mawa, ndikhala pano ndi fulashi yoyera yokhala ndi Mixxx ya Windows ndi buku lake. Mtundu wa 2.5 umafuna Windows 10 kapena 11. Amene makompyuta anu ndi akale musakhale kunyumba, mitundu yakale ikadalipo ndipo nditenganso. Aliyense abwere ndi mahedifoni ndi nyimbo zisanu, zitatu za makono, ziwiri zoimbidwa ndi bandi kapena kwaya, kuti tikayese kuwerenga kuja. Atsikana, ndikuyembekezani, mndandanda wa olembetsa uli ndi a sekeretale ndipo mpaka pano muli maina a anyamata okhaokha. Amayi awiri kapena atatu odziwa chintali atithandizenso kubwera, tidzafuna mapazi owerengera.